Malo anga a pansi pa mtengo wa mango

Malo a pansi pa mtengo wa mango pa Chiweta ndinawapeza ndi pakamwa. Ndinachokera ku Dowa ndi beseni lopanda kanthu ndi lilime lakuthwa, ndipo sabata isanathe ndinaona kuti minibasi zonse zimaima pa mtengowo. Pamenepo pankakhala mayi wina wa konkuno wogulitsa nthochi. Ndinawalankhula mayiwo masiku atatu, mpaka anasamukira tsidya la msewu, padzuwa, pakhonde la shopu ya simenti. Ine ndi usipa wanga tinalowa pamthunzi.

Chaka choyamba, mwezi wa Julaye, ndinayamba kuyetsemula. Ndinati ndi mwera. Chaka chachiwiri, mwezi womwewo: maso ofiira, oyabwa, mphuno ngati mpopi, kukhosi ngati ndameza chitedze. Koma thupi osatentha, kudya ndikudya bwino lomwe. Ndikapita ku Mzuzu tsiku limodzi ndachira, ndikabwerera zayambanso. Ndisaname, ndinkawayang'ana mayi a nthochi aja ndi diso lokayika.

Malonda ndiye analowa pansi. Munthu atulutsa mkono pawindo, ine etsi! pamwamba pa beseni, mkono uja wabwerera.

“Bigi, usipa wanu mumathiriratu mchere eti?” anatero kondakitala wina, minibasi yonse n’kufa nacho chiseko.

Chaka chachitatu ndinakwera njinga yamoto kupita ku chipatala ku Khondowe, pamwamba pa phiri. Adokotala anafunsa miyezi imene zimandigwira, kenaka anafunsa pamene ndimakhala masana. Anati si chimfine, si ufiti. Ndi mungu, kafumbi ka m’maluwa a mtengo. Thupi langa limakaona ngati mdani.

“Maluwa akayamba, chokanipo pa mtengopo.”

“Nanga nditamakhalapo theka la tsiku?”

“Bambo, pano si pamsika.”

Anandipatsa timapiritsi, nati ndizisamba kumaso ndi madzi oyera ndikafika kunyumba, ndizisintha malaya, ndizivala masiki. Timapiritsito tinathandiza, koma tsiku loyamba ndinamwa m’mawa, n’kuwodzera pabeseni, mphaka wa pa shopu nadyerera. Ndinaphunzira kumwa madzulo. Masiki nayo inathandiza mphuno, koma tandiuzani, ndani angagule nsomba kwa munthu amene watseka mphuno yake?

Basi panatsala kusinthana malo ndi mayi aja. Ndinakonza zoti zioneke ngati chifundo: miyezi iwiri yokha, maluwa akayoyoka ndibwerere.

“Amama, dzuwa lakupwetekani nthawi yaitali. Ine mtima ukundiwawa.”

“Yewo chomene, adada. Tiyeni tikakambirane pamthunzi.”

“Pompano pali bwino.”

“Iyayi. Nkhani ya mtengo, pa mtengo.”

Tinawoloka. Anakhala pa mpando wanga, nakweza mkono n’kugwira nthambi yodzaza maluwa ngati akungoyedzamira. Anati iwo akufuna malowo kuyambira maluwa mpaka mango omaliza atagwa, Januwale.

Lamulo langa pa malonda ndi limodzi: wofulumira ndiye amagonja. Ndagulapo usipa kwa asodzi nditatembenuka kale ngati ndikupita. Ndiye ndinayankha mosafulumira, nkhope gwa.

“Miyezi iwiri, amama.”

Anagwedeza nthambi pang’ono.

“Ita… etsi! Itatu.”

“Mwati bwanji, adada? Sindinamve.”

Misozi inali ikutsika, mphuno yatseguka, ndipo amayi ena a ku tchalitchi anaima n’kumaonerera bambo wamkulu akulira pamaso pa wogulitsa nthochi.

“Zaka zitatu ndikukuonani ndili tsidya lija,” anatero. “Mtengo ukachita maluwa, nanunso mumachita maluwa. Mukanandifunsa ine, simukanakwera phiri lonse lija.”

“Bwanji osandiuza?”

“Munandisiya padzuwa. Padzuwa munthu amaiwalaiwala.”

Ndinavomera Januwale, mango n’kukhalanso awo.

Tsopano Julaye akafika ndimanyamula beseni ndekha, osadikira kuuzidwa. Pa shopu ya simenti pamatentha, koma mphuno ili mbee, maso oyera ngati a mkulu wa mpingo. Minibasi ikaima ndimawoloka msewu chothamanga, nditagwira mpweya, kugulitsa mbale ziwiri n’kuthawa.

Disembala wapitayu ndinagula mango kwa mayiwo, a mumtengo womwewo. Ndinapempha basela. Anandiyang’ana, nayang’ana nthambi ija.

Ndinangolipira.