Laputopu ya m'bokosi la chitsulo

Sukulu ndinaisiyira giredi 9, ndipo sindinachoke mwaulemu. Mphunzitsi wina ananditchula mbuzi pamaso pa kalasi yonse chifukwa cha samu, ine ndinamenya desiki ndi chibakera mpaka thabwa kung'aluka, n'kutuluka osatembenuka. Kenako ndinakhala zaka ziwiri ku Katete, m'kontena ya munthu wokonza mafoni ndi malaputopu, ndikumumasulira tizitsulo ndi kumugwirira tochi. Kumenekonso ndinachoka nditakangana ndi kasitomala. Amene ananditola ndi amalume, alongo awo a amayi, mphunzitsi wopuma pantchito amene ali ndi shopu ya fotokope pa Sinda, m'mbali mwa msewu waukulu. Ntchito yanga inali kusesa, kuika mapepala m'makina ndi kutseka pakamwa.

M'shopumo munali laputopu imodzi. Inagwa kalekale, galasi lake n'kusweka, ndipo mbali yaikulu inada bii ngati munatayikira inki. Pankaoneka kakona kamodzi kokha ka pansi, pamene pamakhala nthawi ndi timizere ta netiweki. Choncho amalume anagula monita yaikulu yakale kuti tizionera pamenepo.

Amalume amaopa zinthu ziwiri, fumbi ndi akuba. Kwathu kuno chinthu chilichonse cha magetsi chimafunditsidwa, kaya ndi chitenje kaya ndi kansalu koluka, chifukwa fumbi la malole limalowa ngakhale m'mano. Koma iwo anapitirira pamenepo. Anaitana wowotcherera zitsulo kuti awapangire bokosi la chitsulo chokhuthala pansi pa tebulo, la chitseko chake ndi loko. M'mawa ankayatsa laputopuyo, kuitseka chivundikiro, kuilowetsa m'bokosimo ndi kukhoma. Mawaya a monita, kiyibodi ndi mausi ankatulukira pa kabowo ka kumbuyo, ndipo anawakhomerera pa mwendo wa tebulo ndi misomali yopinda kuti wina asawakoke. Kiyi inkakhala m'thumba la malaya awo.

Intaneti tinkagawana ndi shopu ya mbewu ndi mankhwala a m'munda, zitseko ziwiri kuchokera pathu. Kabokosi ka waifai kanali pawindo lawo. Vuto linali loti pa monita netiweki inkangosonyeza kamzere kamodzi, mwina osasonyeza n'komwe. Amalume akafuna kuona chalakwika, ankatulutsa laputopu, ndipo poti mawaya anali okhomerera, kuitulutsa kunali kuizula ku monita. Akaitsegula patebulo, timizere tinkadzaza tonse pa kakona kaja. Akaibwezera m'bokosi n'kulumikizanso monita, timizere tinkathawa. Mlandu unagamulidwa pomwepo: monita imadya netiweki. Mzere wonse wa mashopu unkadziwa zimenezo. Bambo wina wa dipuloma ya makompyuta, popita ku Chipata, anaima n'kutsimikiza kuti mamonita akale amaterodi. Nanenso ndinkakhulupirira. Ndinali ndani ine?

Manje nkhani yeniyeni ndi ya asisi anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Iwo anamaliza giredi 12 bwinobwino, koma banja linawatengera ku Vubwi, ndipo litatha anabwerera ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi. Zaka zinayi anakhala akukazinga mtedza pamalo okwerera minibasi. Chaka chimenecho kampani ina yogula thonje inafuna kalaliki ku Katete. Anafunsira, ndipo anasankhidwa kuti alembe mayeso a pa intaneti Lachinayi, 10 koloko m'mawa, ola limodzi lokha, pa kompyuta osati pafoni. Uthenga wa kampaniyo unanenetsa kuti nthawi ikakwana wotchi iyamba yokha, siidikira munthu.

Lachinayilo magetsi anazima kuyambira m'bandakucha. Pamzere wathu ndi ife ndi a shopu ya mbewu okha amene tinali ndi sola, ndiye kunalibenso kwina kopita. Asisi anafika 9 koloko atavala diresi ya kutchalitchi, ngakhale kuti palibe amene akanawaona. Anakhala pampando n'kutsegula tsamba loyeserera. Kanthu kozungulira kaja kanayamba kuzungulira pakati pa monita, kuzungulira, kuzungulira.

"Imachita chonchi m'mawa," anatero amalume. "Ikatenthedwa iyenda."

Hafu pasiti 9 inakwana isanatenthedwe. Amalume anatsegula bokosi, kuzula mawaya, kutsegula laputopu patebulo. Timizere tinadzaza, koma asisi akanawerenga bwanji mafunso pa kakona kofanana ndi bokosi la machesi? Anaibwezera, kulumikiza, kukhoma. Kamzere kamodzi.

Asisi anayang'ana manja awo. "Zilibe kanthu amalume. Mwina ntchitoyi si yanga."

Mawu amenewo ndi amene anandiyatsa. Mkazi ameneyu ndi yekhayo amene sananditchule chitsiru tsiku limene ndinasiya sukulu. Ndinalimenya theche bokosi lija, kuiwala kuti ndavala mapatapata. Chikhadabo cha chala chachikulu chinang'ambika, ndipo ndinakhala pansi pa simenti nditagwira phazi.

"Wamenya wamkulu mnzako," anatero amalume. "Wapambana ndani?"

Ndili pansipo ndinali kuyang'anizana ndi bokosilo maso ndi maso, ndipo linandikumbutsa kontena ya ku Katete. M'kontena muja foni sinkagwira bwino. Pofuna kuyesa foni imene takonza, ndinkatumidwa kukaima nayo panja. Ndinakumbukiranso malaputopu akufa amene ndinkamasula. Mu iliyonse munali timawaya tiwiri topyapyala ngati ulusi, kakuda ndi koyera, tochokera pa kakhadi kakang'ono, kudutsa pa mahinjesi, kukwera mpaka pamwamba pa chivundikiro. Bwana wanga wa kumeneko ankandiopseza kuti ndikadula timeneto laputopu ikhala gonthi. Makutu ake ali m'chivundikiro. Ife tinkagoneka makutuwo chafufumimba, n'kuwatsekera m'chitsulo, kenako n'kumanamizira monita.

Ndinadzuka. "Amalume, ndipatseni kiyi."

"Kuti uswenso china?"

"Si monita ayi. Ndi bokosi lanuli."

"Bokosi langa lalakwanji? Bokosi lili ndi waya? Limadya magetsi?"

"Silidya kanthu, limatsekereza. Laputopu ikatuluka imagwira chifukwa yatuluka, osati chifukwa mwazula monita. Simunayesepo kuitulutsa monita ili yolumikiza."

"Munthu wa dipuloma anaima pomwe waimapo."

"Wa dipulomayo anagwada n'kuona pansi pa tebulo?"

"Anagwada kapena sanagwade, mapepala ali nawo. Iwe ako ali kuti?"

Magazi anandikwera kumutu. Pa shelefu panali hamala imene timakhomera mafelemu a zithunzi, ndipo maso anga anapita pamenepo, kenako pa loko. Asisi anaona.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "ukangogwira chimenecho, ine ndinyamuka ndizipita. Mayesowo alembe ndiwe."

Ndinaika manja m'khwapa n'kuwapanikiza. Wotchi ya pakhoma inali pa 20 to 10. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanafunepo njira ina yopambanira mkangano kupatula kukweza mawu, ndiye ndinaima pakati pa shopu ngati mlendo, ndikuyang'ana uku ndi uku. Kawailesi ka amalume kanali pawindo, kakuwerenga mauthenga a maliro monga mwa masiku onse. Pakhomo panali ndowa ya chitsulo imene ndimakolopera.

Ndinakhuthula madzi panja, kutenga kawailesiko, kukaika pansi pakati pa simenti.

"Siya wailesi yanga."

"Mungomvera, amalume."

Ndinapinda eriyo yake mpaka kuigoneka. Mawu a wowerenga uja anayamba kusakanikirana ndi phokoso. "Uku ndiye kutseka chivundikiro," ndinatero. Kenako ndinavundikira ndowa pamwamba pake. Mawu anamira, m'ndowamo munangotsala kuti shii ngati mvula ya patali. "Ili ndiye bokosi lanu." Ndinachotsa ndowa, kuimika eriyo, ndipo wowerengayo anabwerera ali pakati pa dzina la mudzi wina.

Amalume anaphunzitsa sayansi zaka zambiri, sanafune kuti ndibwereze. Anayang'ana ndowa, anayang'ana bokosi. Anapisa m'thumba. Kiyi sanandipatse m'manja, anaiika patebulo n'kuikankha ndi chala chimodzi.

"Ukaononga, ukwera njinga kubwerera kumudzi lero lomwe."

Hamala ija ndinaigwira ndithu, koma kumbuyo kwake. Ndinazula misomali yopinda isanu pa mwendo wa tebulo, umodziumodzi. Ndinasolola mawaya pa kabowo kaja, kutulutsa laputopu, kuiika pamwamba pa tebulo chakumapeto, kumbali ya chitseko, n'kuimika chivundikiro chake chilili, msana wake utaloza ku shopu ya mbewu. Ndinalumikiza monita, kiyibodi, mausi. Tonse atatu tinayang'ana pakona ya monita. Kamzere kamodzi, tiwiri, titatu. Panaima pamenepo.

Titatu tikanakwana, koma ine mtima sunakhazikike. Waya wa monita unali wa mtengo wotsika, ndipo unali utadzikulunga kuseri, wagundana ndi mahinjesi. Bwana wa ku Katete ankadana nawo mawaya oterewa, ati amatulutsa phokoso losamveka ndi khutu limene limasokoneza waifai. Ndinauwongola, kuupititsa mbali ina kutali ndi chivundikiro, n'kuutsamiritsa ndi mpukutu wa mapepala. Kachinayi kanabwera. Asisi anadina tsamba loyeserera lija ndipo linatseguka chala chisanachoke pa mausi.

Inali 8 minitsi kuti ikwane 10.

"Khalani bwino pampando, asisi," ndinatero. "Yatsala ndi mbali yanu."

Ola limenelo ndinalithera pakhomo, phazi likuwawa. Malole ankadutsa, fumbi likubwera, ndipo ndinkaona amalume akuvutika mumtima poona laputopu ili pamtetete, galasi lake losweka likuonekera kwa aliyense. Kawiri konse anatenga chitenje kuti aifunditse, kawiri konse ndinawayang'ana, iwo n'kubwerera. Pamapeto anakwera pa mpando n'kupachika chitenjecho pachitseko ngati katani, ndipo anagwirizira ngodya imodzi ndi dzanja chifukwa msomali unalipo umodzi.

Bambo wina wa njinga ya kabaza anabwera ndi chitupa chake kuti tikope. Ndinamuuza kuti abwere 11 koloko. Anasuzumira kuseri kwa chitenje.

"Aa, ndiye kompyuta yanu ndi imeneyi? Inagundidwa ndi ng'ombe?"

"Ikugwira ntchito kuposa mabuleki anu, akulu. 11 koloko."

Anapita akuseka. Masiku ena zikanathera pena.

M'kati munkangomveka kiyibodi, kenako zii, kenako kiyibodi. Mphindi zingapo zilizonse ndinkasuzumira pakona ya monita, osati pa mafunso, ndipo timizere tinali pomwepo tonse tinayi. Itatsala pang'ono kukwana 11, asisi anadina komaliza, ndipo pa monita panabwera mawu akuti mayankho alandiridwa. Anaika manja pamaondo.

"Funso la 14 linali lopusa," anatero. "Anafunsa za mabelo a thonje ngati sindinabadwire m'munda."

Amalume anatsitsa chitenje, dzanja litachita dzanzi. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anangonena kuti, "Madzulo uziibwezera m'bokosi. Masana izikhala pomwe waiikapo." Tsiku lomwelo ndinawamva akufotokozera mwini shopu ya mbewu za timawaya tiwiri ta m'chivundikiro, kakuda ndi koyera, ngati anationa ndi maso awo.

Patapita milungu iwiri, asisi analowa m'shopu dzuwa lili paliwombo, akupuma mofulumira, m'manja muli envelopu ya khaki. A kampani ija anali atawaimbira foni kuti akayambe Lolemba, ndipo apite ndi makope atatu a chitupa ndi satifiketi. Amalume anatambasula dzanja kuti alandire envelopuyo, koma asisi anaidutsitsa n'kundipatsa ine.

"Akope uyu. Zituluke zowongoka."

Ndinapukuta galasi la makina ndi malaya anga, n'kuika satifiketiyo mosamala pa mzere wake. Makope onse asanu ndi limodzi anatuluka oyera, opanda ndi kadontho komwe. Mayeso analemba okha, mutu ndi wawo, zimenezo sindingawalande. Koma pa ntchito imene akugwira ku Katete lero pali kachigawo kanga, ndipo ndimakadziwa kukula kwake.