Nyimbo Imene Inakwiriridwa ndi Basela

Tsiku limene Mbwana anataya mlongo wake kunalibe maliro. Kunali dzuwa la ku msika wa Kariakoo basi, lija lowotcha mpaka m'kati mwa nsapato, ndi phokoso la ogulitsa mafoni mumsewu wa Aggrey. Zuhura anaima pa kathebulo kamene mlongo wake wamng'onoyo ankagwirirapo ntchito, laputopu yake ili chitsegulire, chala chikuyendayenda kufuna chinthu chimodzi chokha.

"Mbwana, nyimbo za amayi zili kuti?"

"Achemwali, taonani kaye mmene ikuthamangira tsopano. Ndakuikiraninso mafilimu, a chi India mumawakonda aja, odzadza ndithu..."

"Ndakufunsa za mafilimu ine? Mawu a amayi ali kuti?"

Mbwana anayang'ana pansi.

Inu amene mukuwerenga, kuti mumvetse kulemera kwa funso limeneli, muyambe mwawadziwa mayi awo. Bi Mwanaisha anali woimba pa maukwati ku Mbagala. Kumeneko mkwatibwi sankatuluka pakhomo la makolo ake iwo asanaimbe. Matenda atawagwira, anadziwa kuti ukwati wa mwana wawo yemwe sadzaufikira. Ndiye anamuitana Zuhura namuuza kuti atchere foni yojambula mawu. Anaimba nyimbo zawo imodziimodzi, mpweya ukuperewera, ndipo yomaliza inali yatsopano, yopekera Zuhura yekha, yoti idzamveke tsiku lomutulutsa m'nyumba.

Nyimbo yomalizayi Zuhura anaimva kamodzi kokha, tsiku lojambulalo, akulira. Sanafune kuimveranso. Ankaisunga ngati chitenje chodzavala pa tsiku lalikulu. Foni itadzadza anasamutsira zonse mu laputopu. Foniyo inapita ndi akuba a mu minibasi za daladala, amayi nawo anapita kumanda, ndipo mawu awo anatsala malo amodzi okha pa dziko lonse lapansi.

Mbwana anali atalephera mayeso a Fomu 4. Anakadziphatika kwa mmisiri wina wa makompyuta, a Fundi Shomari, kuti aphunzire ntchito. Kumeneko anamva kuti odziwa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, amalembedwa ntchito m'maofesi oziziritsa. Mtima unamukwera. Yakeyake kompyuta analibe, ndiye anabwereka ya Zuhura, ukwati wa mlongo wakeyo utatsala milungu yochepa.

"Zanu sindikhudza olo pang'ono," anatero. "Windows yanu ikhala pomwepo, yangayo ndingoiika pambali."

Disiki ya kompyuta ili ngati munda wogawidwa zigawo, ndipo kumayambiriro kwake kuli zikhomo zosonyeza malire a chigawo chilichonse. Madisiki akale aja amalola zigawo zinayi zokha, ndipo mu laputopu ya Zuhura zonse zinayi zinali ndi eni ake. Linux inakana kulowa. Munthu wodekha akanaima pamenepo n'kufunsa. Mbwana anaona kachigawo kakang'ono kutsogolo, nati aka n'kachabechabe, nakafufuta. Osadziwa kuti m'menemo ndi mmene kompyuta imadzukira. Kenako anayamba kukankha malire a chigawo chachikulu kuti apeze malo. Ntchito ili pakati, magetsi anazima, ndipo batire la laputopuyo linali lakufa kalekale.

Magetsi atabwerera, kompyuta inakana kudzuka. Atasuzumira m'kati ndi fulashi, disiki yonse inaoneka yopanda kanthu, mbee!

Anathamangira kwa a Shomari.

"Iwe, ukunjenjemera chiyani ngati nkhuku yonyowa?" anatero a Shomari akutafuna chipisi cha mazira. "Zapita zapita. Fomata, menya Windows yatsopano, uthirepo basela. Kasitomala akaona mafilimu amaiwala ndi dzina lake lomwe."

Kunena chilungamo, a Shomari sanali munthu woipa. Ndiwo mwambo wathu kuno. Kompyuta ikatsokomola, timafomata, kuisesa yonse n'kuyambiranso. Ikachedwa kudzuka, timafomata. Mankhwala ndi amodzi ngati a sing'anga wa pa siteji. Ndipo mmisiri weniweni sabweza makina ali opanda kanthu. Amathiramo mafilimu ndi nyimbo zaulere, monga wogulitsa tomato amaponyera limodzi pamwamba pa mulu.

Mbwana anakhulupirira kuti nyimbo za amayi zinapita ndi magetsi. Chimene chinatsala, m'maganizo ake, chinali kupepesa. Anafomata, naika Windows, nayamba kuthira mafilimu. Chisoni chikamuwawa, ankawonjezera ena. Anathira mpaka disiki inati basi, malo atha.

Ndiye tsiku lija Zuhura atamvetsa, sanakuwe. Anatseka laputopu pang'onopang'ono n'kuikankhira kwa iye.

"Tenga, uzionera mafilimu ako. Ndipo ku ukwati wanga usabwere. Amayi anamwalira kamodzi, iwe wawaphanso kachiwiri."

Ukwati unachitika. Mbwana anauonera patali, atabisala kuseri kwa lole ya makala. Zuhura anatuluka pakhomo ndi nyimbo ya woimba waganyu amene ankalakwitsa ndi dzina la mkwatibwi lomwe. Tsiku lotsatira anapita ku Tanga ndi mwamuna wake, ndipo foni ya Mbwana sanayankhenso.

Mukuganiza kuti pamenepa ndiye pansi penipeni? Ayi, pansi panali patsogolo.

Pa nyumba yosanja ina chapafupi panali mayi wina, Bi Nasra, amene ntchito yake inali yopulumutsa zinthu m'madisiki owonongeka. Patapita nthawi Mbwana anakwera masitepe, laputopu ili m'khwapa, n'kuwafotokozera zonse.

"Magetsi atazima unatani?" anafunsa Bi Nasra.

"Ndinafomata, mayi."

"Zimenezo n'zazing'ono. Kenako unaizimitsa?"

"Ndinaika Windows."

"Hmm. Pamenepo unalima m'mphepete mokha. Kenako?"

"Ndinathira basela."

"Wochuluka bwanji?"

"Mpaka inadzadza."

Bi Nasra anavula magalasi awo n'kuwaika pa thebulo.

"Mwanawe, magetsi atazima paja, mawu a amayi ako anali momwemo, onse. Zimene zinazuka ndi zikhomo za malire, mbewu zinali chilili. Ukanabwera nayo tsiku lomwelo, tiyi asanazizire ndikanakubwezera. Ngakhale utafomata, zambiri zinalipo ndithu. Chimene chinawakwirira ndi basela wakoyo."

Mbwana anatsika masitepe awiri atatu n'kukhala pansi. Analira ngati kamwana, anthu akumulambalala ndi makatoni a mafoni. Sanali magetsi, sanali a Shomari. Anali manja ake omwe, ndipo anachita zimenezo poganiza kuti akupepesa.

Bi Nasra anamutsatira. Anamuuza kuti achotse disikiyo ndipo asadzaiyatsenso mwachisawawa. M'timipata ta pakati pa mafilimu mwina munatsala tizidutswa, koma kutola zimenezo kunali ngati kufuna mpunga wotayikira mumchenga.

"Ine nthawi imeneyo ndilibe," anatero. "Ngati ukuwafuna amayi ako, phunzira wekha. Ukakakamira, uzibwera kudzafunsa."

Mbwana anakulunga disikiyo mu kanga, chitenje cha amayi ake, n'kuiika pansi pa sutikesi.

Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wina. Ankapita kwa ogula zitsulo zakutha n'kutola madisiki akale amene anthu anataya. Ankawagawa zigawo, kuikamo zithunzi, kenako n'kuzula malire dala, kuti aphunzire kuwabwezera. Ambiri ankakanika. Ena ankatheka, ndipo tsiku limene zithunzi zinabwerera koyamba anaiwala kudya. Anaphunzira kuti disiki yovulala suigwira yeniyeniyo, umayamba waikopera pa ina n'kumayesera pa kope. Anaphunzira kuti chigawo chaching'ono sichitanthauza chigawo chachabe. Linux ija anaifunira maofesi oziziritsa anaidziwa bwinobwino, koma tsopano inali chida chofukulira.

Pa thebulo la a Shomari zinthu zinavuta. Kasitomala akabwera, Mbwana ankayamba ndi mafunso. Muli chiyani m'menemu? Munasunga kwina? Anzake ankamaliza makompyuta asanu iye akadali pa imodzi.

"Dokotala wa mitembo wafika!" ankamuseka anyamata a matebulo oyandikana. "Lero ukufukula manda a ndani, bwana?"

A Shomari anatopa naye. "Mphwanga, pano si pa chipatala. Kapena ufomate, kapena unyamuke."

Ananyamuka. Anakaika kathebulo pakhonde la sitolo ya nsalu, pansi pa ambulera yong'ambika. Masiku ena ankabwerera ku Mbagala atangomwa tiyi ndi ndasi limodzi. Mvula ikagwa ankafunditsa makina malaya ake, iye n'kumanyowa.

Koma mbiri imayenda yokha. Wophunzira wina wa ku yunivesite anayesa kuika Linux pambali pa Windows, kompyuta n'kukana kudzuka, kafukufuku wake yense ali momwemo. Amisiri atatu anamuuza kuti afomate. Mbwana anangoti, "Zimitsa. Usalembemo kanthu." Pofika madzulo zonse zinali zitabwerera. Wophunzirayo anauza anzake, anzakewo anauza aphunzitsi awo. Kunabwera ojambula zithunzi za maukwati, kunabwera eni masitolo. Patapita zaka, Mbwana anali ndi chipinda chakechake chagalasi pamwamba pa nyumba yosanja, ndi achinyamata amene ankawaphunzitsa. Tsiku lina a Shomari omwe anakwera masitepe, atanyamula kompyuta ya mkazi wawo, akuseka mwamanyazi.

Anthu ankati Mbwana zake zayera. Iye sankaona choncho. Aliyense wotuluka m'chipindamo akusangalala ankamukumbutsa munthu mmodzi amene iye anamulephera. Ndipo disiki ija anali asanaikhudze. Poyamba ankati luso silinakwane. Pambuyo pake anadziwa kuti ndi mantha chabe. Ikadali m'sutikesi, amayi mwina analimo. Akaitsegula, akanatha kupeza kuti mulibiretu.

Amene anamukankha ndi Bi Nasra, atakalamba tsopano, akutsanzika kuti akupuma pa ntchito.

"Wadzutsa akufa a mzinda wonse, ako ukuwasiya m'sutikesi? Ukudikira kuti disikiyo ichite dzimbiri?"

Anaitulutsa. Anaikopera pa ina, nayamba kusefa. Zinatenga miyezi. Ankapeza tizidutswa ta phokoso, natimvera kamodzikamodzi. Tochuluka tinali ng'oma za mafilimu a chi India, zija anathira yekha. Nyimbo zakale za amayi zinali zitapitiratu, sipanatsale olo imodzi. Ndiye masana ena, makasitomala ali pamzere panja, m'makutu mwake munamveka chifuwa chimene ankachidziwa.

Anatseka chipinda, nakwera basi ya ku Tanga.

Anapeza Zuhura akuchapa pakhonde, kamtsikana kake kakumuthandiza kukamula. Tsitsi la mlongo wakeyo linali litayamba imvi. Zuhura anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Wasochera?"

"Ayi, achemwali. Ndabweretsa zimene ndapeza. N'zochepa kwambiri."

Anaika foni pa mpando n'kudina. Kunamveka kutsokomola, kenako mawu ofooka: "Yayamba? Zuhura, leka kulirako, undisokoneza. Iyi ndi yako." Kenako nyimbo, mawu akunjenjemera koma osaphonya: "Tuluka mwanawe, dzuwa lakwera, nyumba ya amako siithawa..."

Pamenepo panangoti tswee, basi. Zinathera pomwepo.

Sopo anali akudontha m'manja mwa Zuhura.

"Ndani ameneyo, amayi?" kanafunsa kamtsikana.

"Agogo ako." Anatembenukira kwa Mbwana. "Ibwereze."

Anaibwereza. Itafika podukira paja, Zuhura anatsegula pakamwa kuti apitirize yekha. Anaimba mawu awiri, naima. Anayesanso, naimanso. Anali ataimva kamodzi kokha, zaka zambiri zapitazo, akulira.

"Inali yaitali, Mbwana," anatero motsitsa. "Inali ndi dzina langa m'kati. Ndaiwala pamene linali."

"Ndafufuza paliponse, achemwali. Kulibe. Ndinakwirira ndine."

Kenako Zuhura anapukuta manja pa kanga yake, nasuntha beseni kuti papezeke pokhala.

"Khala pansi. Waonda ngati sudya. Iwe Mwajabu, awa ndi amalume ako, apatse moni bwinobwino."

Abale anga owerenga, musayembekeze kuti ndinena kuti zonse zinabwerera. Madzi akatayika saoleka. Nyimbo ija palibenso pa dziko lino amene akudziwa mathero ake, ndipo Mbwana adzafa nalo bala limenelo. Ngati chinthu chakuwonongekerani lero, kaya ndi kompyuta, kaya ndi banja, kaya ndi ubale, imani kaye. Musathamangire kukwirira cholakwa ndi mphatso. Nthawi zambiri zimene mukuziyesa zotayika zimakhala zikadalipo, zikungodikira munthu wodekha.

Ndipo ngati munakwirira kale, monga anachitira Mbwana, musakhale pa masitepe mpaka kalekale. Dzukani mukaphunzire kufukula. Mwina mudzapeza mzere umodzi wokha, koma mzere umodziwo ukhoza kukutsegulirani khomo limene linatsekedwa. Mtima wokhawo musautaye.