Choko cha a Tante Riek

Mumsewu mwathu muno ku Jordaan, mumzinda wa Amsterdam, mayi aliyense amene anakuona uli ndi mamina timamutchula kuti Tante, ndiko kuti azakhali, kaya ndi m'bale wako kaya ayi. A Tante Riek Zoutendijk anandiona ndili ndi mamina, ndiye musadabwe ndikamawaikira kumbuyo. Zimene anawachita zimandipsetsabe mtima mpaka lero.

Moyo wawo wonse a Tante Riek anathera pa ntchito yosita nsalu za m'mahotela a mu Amsterdam. Manja awo anali zipsera zokhazokha za nsimbi, ndipo pakamwa pawo simukanapatha. Amuna awo, a Ome Cor, ankayendetsa bwato lotola zinyalala m'ngalande za mumzinda, koma anatisiya kalekale. Mayiwa anatsala okha m'zipinda zapansi za nyumba yoyang'anizana ndi yanga.

Tsiku la Mfumu likamayandikira, kumapeto kwa Epulo, tonse timagwiriratu malo oyalapo katundu wathu wakale woti tigulitse m'mbali mwa msewu. Umajambula malire ndi choko n'kulemba kuti BEZET, pali mwini, basi nkhani yatha. Boma silidziwa kanthu za chokocho, koma munthu wobadwira kuno sangayale ngakhale sokosi pa choko cha mnzake, olo ataledzera chotani. A Tante Riek anayamba kulemba pakhomo pawo tsikuli likadali la Mfumukazi.

Katundu wawo anali yemweyemweyo chaka ndi chaka: makapu oduka zogwirira, chidole cha diso limodzi, ndi mbale za nyimbo za a Ome Cor. Kugulitsa ayi. Wina akanyamula mbale ya nyimbo ankamulanda.

“Iwe, makutu akowo angamve nyimbo imeneyi? Pita ukagule chibaluni uko.”

Chimene ankafuna n'kukhala pampando wawo, chipewa chachikulu cha mtundu wa lalanje, mtundu wa banja lachifumu, chili kumutu, khofi ali pambali. Anthu athu ambiri anasamuka mumsewu muno lendi itakwera, koma tsiku limeneli ankabwerera, ena atanyamula zidzukulu, chifukwa ankadziwa pamene angapeze a Tante Riek. Pachoko chimenecho ndi pamene tinkamverapo za amene wakwatiwa, wadwala kapena wamwalira.

Chaka chatha maondo anawakanika, ndipo mwana wawo anawapezera kachipinda ku Purmerend, kunja kwa mzinda, koti akalowemo mu Meyi. Tonse tinadziwa kuti chikondwerero chimenechi n'chotsanzikira. Kutatsala masiku angapo ndinawapeza atagwada pakhomo, choko chili m'manja, akubuula ndi ululu. Ndinati ndiwalembere.

“Tineke, ukangondikhudza ndikuluma,” anatero. “Dzanja lako limalemba ngati nkhuku ikupalasa.”

Tsono zipinda zam'mwamba za nyumba yawoyo zinali zitagulidwa ndi mnyamata wina dzina lake Quirijn, wa nsapato zodula zovala popanda sokosi. Ankagonekamo alendo aja obwera masiku awiri atatu, okoka masutikesi a mateyala pamiyala ngati akupera chimanga. Alendowo sindidana nawo, koma Quirijn ndinkamuonera patali.

M'mawa wa tsikulo nditatsegula chitseko, ndinaona pakhomo pa a Tante Riek pali ponyowa, potsukidwa ndi paipi, choko chonse chitapita. Pamalopo panali matebulo awiri ndi mabenchi, alendo atakhalapo kale akudya makeke a lalanje. A Tante Riek anali chiimire pakhomo, katoni ya katundu wawo uja ili m'manja, chipewa chili kumutu. Ndinawoloka msewu ndili ndi masilipasi.

“Wafufuta choko ndiwe?” ndinamufunsa Quirijn.

“Mayi, msewuwu ndi wa boma,” anayankha akumwetulira. “Choko n'choseweretsa ana. Alendo anga ndinawalonjeza kuti aonera chikondwerero ali pakhomo pomwe.”

A Tante Riek anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku akakolo ake osavalawo.

“Mwana iwe, amako anakulerera kuti?”

“Ku Hilversum, mayi.” Kumeneko n'kwa anthu olemera.

“Zikuoneka.”

Ndinamulalatira mpaka mawu anandithera. Aneba anatuluka, wina anaitana msilikali wa khonsolo, koma nayenso anangotambasula manja n'kunena kuti choko si lamulo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanagubuduzira matebulowo m'ngalande, pamodzi ndi mwini wake.

Ndinawauza a Tante Riek kuti abwere adzayale pamalo panga, ndisuntha zanga. Ena atatu anapereka malo awo. Koma apa ndi pamene mwambo wathu womwe unawatsekera njira.

“Ine ndikhale pa choko cha mwini? Ndapenga? Dzina lalembedwa pamenepo ndi la ndani?”

“Ndi langa, Tante, ndipo ndikukupatsani.”

“Choko sapatsana. Ukanafuna kundipatsa ukanalemba Riek.”

Anavula chipewa, nalowa m'nyumba n'kukoka makatani. Masana msewu unadzaza moti poponda panalibe. Anthu athu akale aja anabwera monga mwa nthawi zonse. Ndinawaona ena ataima, akuyang'ana matebulo a alendo ndi makatani otseka, kenako n'kumapita mitu ili pansi. Ndinakwanitsa kugwira awiri okha m'chipiringu chija. Mmodzi anandifunsa monong'ona kuti maliro a Tante Riek anali liti, bwanji sitinamuuze. Chinandiwawa kwambiri ndi chimenecho.

Chakumadzulo ndinakalowa kwa a Tante Riek ndi supu. Ndinawapeza atakhala mumdima, katoni ili pamiyendo. Tili pomwepo wina anagogoda. Anali mtsikana mmodzi mwa alendo a Quirijn, amene m'mawa muja pamatebulo paja panalibe, waulemu wake ndithu, masaya atawapaka utoto wa lalanje. Anayankhula Chingerezi n'kutionetsa foni. Pafonipo panali tsamba limene Quirijn amatsatsira zipinda zake, ndipo chithunzi choyamba chinali cha a Tante Riek ali pampando wawo, chipewa kumutu, akuseka kukamwa konse, makapu aja atayalidwa pachoko.

“Akuti chiyani?” anandifunsa a Tante Riek.

“Akuti anasankha nyumba ino chifukwa cha agogo awa. Wawafunafuna tsiku lonse kuti ajambulitse nawo. Akufunsa ngati mukudziwa pamene amakhala.”

A Tante Riek anatenga foniyo, naiyandikiza kumaso, nayang'ana nthawi yaitali. Mtsikanayo ankangodikira, osazindikira kuti agogo a pachithunziwo ndi omwewa.

“Umuuze kuti anasamuka,” anatero pomubwezera.

Chithunzicho Quirijn sanachichotse mpaka lero.