Mayi Mabeseni ndi Denga Lawo Lodontha

Mumzinda uno nyengo imanama kuposa telala. Mungachoke pakhomo dzuwa likuswa mtengo, pofika pokwerera basi mwavala juzi, potsika m'tauni mukusambira. Alipo anthu amene amalumbira kuti anawona mvula ikugwa mbali imodzi ya msewu, mbali inayo amayi akuyanika zovala, galu ataima pakati, mutu uli chinyowere, mchira ukupsa.

Kuseri kwa sitolo ya nsapato kuli holo ya zisudzo, kumene mabanja, zibwenzi ndi magulu a apaulendo amathera masana a Loweruka ndi Lamlungu. Denga lake ndi lamalata, ndipo amene analikhoma anamwalira, ana awo anamwalira, nyundo yomwe inamwalira. Limadontha malo khumi ndi asanu ndi awiri. Komabe kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anthu akhala akutuluka m'holomo ali gwaa, owuma ngati bisiketi, chifukwa cha mayi mmodzi wamfupi, wa nsapato zamphira, amene dzina lawo lenileni ngakhale amuna awo amachita kukaliyang'ana pa chiphaso. Aliyense amawatcha Mayi Mabeseni.

Papepala ntchito yawo ndi kulozera anthu pokhala. Papepala basi. Ntchito yeniyeni ndi denga. Dontho lililonse amalidziwa ngati mwana wobala okha, ndipo analipatsa dzina. Pali Bwanamkubwa, amene amagwera pakati penipeni pa mzere wachitatu, madzi ake okwana kusambitsa ng'ombe. Pali Misozi ya Apongozi, yogwa pang'onopang'ono koma yosaleka, mvula ikhoza kukata Loweruka, iyo n'kumalirabe mpaka Lachiwiri. Ndiye pali Mlamu, amene sauza munthu kuti akubwera, ndipo sakhala malo amodzi, amayenda ndi mphepo. Dontho lililonse lili ndi beseni lake, ndipo m'beseni lililonse muli kansanza pansi, kuti madzi akagwa asalire. Beseni lopanda kansanza, amatero mayiwo, limaimba ng'oma, ndipo anthu sanabwerere ng'oma.

Kukhazika anthu nako kuli ndi luso lake. A dazi amawaika kutali ndi madontho, chifukwa dontho likagwa padazi limamveka mpaka kumsewu. Otsokomola amakhala pafupi ndi khomo. Bambo ndi mayi akalowa atatupa masaya, osalankhulana, wina kutsogolo wina kumbuyo, Mayi Mabeseni amawakhazika dala m'mphepete mwa Misozi ya Apongozi, kuti azichita kufinyana. Maukwati amene apulumuka pamipando iwiri imeneyo ndi ochuluka kuposa amene apulumuka kwa abusa onse amumzinda muno kuwaphatikiza.

Za mvula safunsa wailesi. Amafunsa chitseko cha kachipinda kosungiramo mabeseni. Chikatseguka mwaulemu, kunja kulibe nkhani. Chikatupa n'kuyamba makani, ndiye kuti mvula ili panjira, ngakhale kumwamba kukhale kopanda kamtambo kofanana ndi mpango.

Chodabwitsa n'chakuti zaka zonsezi sanawonerepo sewero ngakhale limodzi. Masewero amawadziwa ndi makutu, maso amakhala kudenga. Amuna awo, a Lumo, amene amameta anthu tsidya lina la msewu, amati ngakhale pa chithunzi chaukwati mkazi wawo akuyang'ana kumwamba, kuwona ngati tchalitchi chikudontha.

Chaka chathachi holo inalandira mkulu watsopano, bambo wa suti yothina ndi foni yaikulu ngati thireyi. Sabata isanathe anapenta nambala pampando uliwonse, ndipo mzinda unamupatsa dzina pomwepo: Bwana Manambala. Lachisanu lina anawaitanira mayiwo ku ofesi.

“Amayi, khalani pansi. Taonani, tikiti ili ndi nambala, mpando uli ndi nambala, munthu ali ndi maso. Inu pamenepa mukulowa pati?”

“Pakati pa munthu ndi madzi, bwana.”

“Eya, nkhani yachiwiri ndi imeneyo. Mabeseni anuwa akutichititsa manyazi. Munthu akalowa muno amayesa walowa kochapira. Mawa tili ndi alendo olemekezeka, mabeseni ndiwatsekera, kiyi ndisunga ine. Inu mudzaime pakhomo, musalozere munthu. Anthu akakhala bwinobwino okha, mwezi ukatha mukapume, mwagwira ntchito mokwanira.”

“Nanga mvula?”

Bwanayo anakweza foni. Panali kadzuwa kachikasu, kakumwetulira.

Loweruka m'mawa anakakhoma yekha kachipindako. Chitseko chinakana. Anachikankha ndi dzanja, ndi phewa, kenako ndi bondo, mpaka batani la suti linathawira pansi pa mipando. Mayi Mabeseni anangoima poteropo, manja kumbuyo.

“Bwana, chitsekocho chikulankhula.”

“Chitseko ndi thabwa, amayi.”

Alendo anafika nthawi ya nkhomaliro itangodutsa: basi yodzaza ndi amayi a bungwe la okonza tsitsi ochokera kutauni yoyandikana nayo, paulendo wawo wa kamodzi pachaka. Abale inu, tsitsi! Aliyense anabwera atasenza luso lake lonse pamutu. Lina lopota, lina lokwera masitepe, lina loti mbalame zinalizungulira kawiri kufuna pomanga chisa. La amayi apampando linali lalitali moti dalaivala anawanyamula atagona chammbali, ndipo polowa m'holo linayamba ndi tsitsi, eni ake n'kufika pambuyo. Bwana Manambala anawapatsa tikiti ya mpando wabwino koposa: pakati penipeni pa mzere wachitatu.

Mayi Mabeseni ataima pakhomo paja anatsinzina. A Lumo, amene anatseka shopu msanga kuti adzawonere zimenezi, anawagwira pamkono.

“Mwawona pamene awakhazika?”

“Ndawona, abambo.”

“Pakamwa pa Bwanamkubwa. Lero kuli ubatizo.”

Sewero la tsikulo linali la chilala. Wosewera wamkulu, a Chimawu, amene akanong'ona mazenera amanjenjemera, ankasewera ngati mlimi amene mbewu zake zapserera. Theka la ola litadutsa anagwada pakati pa siteji, n'kukweza manja, n'kulira kuti, “Thambo iwe, watiiwala chifukwa chiyani? Dontho limodzi lokha!”

Thambo linamva. Malata anayamba kulira ngati wina akutsanulira miyala, ndipo Bwanamkubwa anatulutsa dontho lake loyamba, lonenepa, n'kutera pansonga pa tsitsi la amayi apampando. Eni ake sanamve kanthu. Paulendo wochoka pansonga paja kukafika pakhungu la mutu panali mtunda, ndipo Mayi Mabeseni anayerekeza kuti ali ndi mphindi zinayi.

“Musasunthe,” anawanong'oneza a Lumo. “Anakuuzani kuti muime pakhomo, imani. Asiyeni anyowe, holo yonse ikuwe, kabwanako kadziwe kuti ndinu ndani. Mukawapulumutsa mwakachetechete mudzamva kuti manambala ndi amene agwira ntchito, inu n'kumakakhala kunyumba kumandiwerengera makapu a tiyi.”

Zinali zowona, ndipo mayiwo anadziwa kuti n'zowona. Anayang'ana mitu ija ili ndandanda mumdima wa m'holo.

“Abambo, tsitsi limenelo analiyamba Lachinayi. Agona chokhala masiku awiri anthuwa.”

“Ndiye ndi vuto lanu?”

“Pitani kushopu mukatenge matawulo onse. Thamangani, musiye kuyenda ngati mukuperekeza mkwatibwi.”

Pakachipinda paja anapeza Bwana Manambala atafika kale, kiyi atatembenuza, akulimbana ndi chitseko chimene tsopano chinali chitatupa ngati tsaya la wodwala dzino. Mayiwo anamusuntha pambali, anaponda pakona yapansi, n'kuchimenya kamodzi ndi chiuno. Chitseko chinatseguka mwaulemu wonse, chinangotsala pang'ono kupereka moni.

Zimene zinachitika kenako anaziwona ndi ochepa, chifukwa zinachitikira m'munsi mwa mawondo. Mayi wa zaka zawo, mabeseni ali mulu umodzi pamkono, akudutsa m'mizere chowerama, nsapato zamphira zosamveka ndi pang'ono pomwe. Amayi apampando anangomva kadzanja pachigongono ndi mawu akuti, “Mayi, sunthirani kuno mipando iwiri, apa ndiye muwawona bwino a Chimawu.” Anasuntha mokondwa, dontho lija likadali panjira, ndipo pamene anakhala paja panatera beseni. Wina anasunthidwa kumanzere, wina kutsogolo. Bambo wina wa dazi anapezeka ali mzere wina osadziwa kuti wafikamo bwanji, akutafunabe switi yake. Matawulo a a Lumo anayalidwa m'tinjira. Mabeseni khumi ndi asanu ndi limodzi anakhala m'malo mwake, lililonse ndi kansanza kake, osatulutsa phokoso.

Linatsala limodzi, la Mlamu. Mlamu safuna beseni lokhala pansi, amafuna munthu womulondola. Mayiwo anatembenuka n'kupeza Bwana Manambala akuwatsatira pambuyo ngati mwanapiye.

“Gwirani ili. Yang'anani kumwamba, paja pali msomali wakuda. Mphepo ikawomba chakukhomo apita kumanja, mupite naye. Musamulole akhudze mayi wa tsitsi lofiirayo.”

“Ndani apita kumanja?”

“Mlamu. Mudziwana.”

Ndipo anadziwana. Kwa mphindi makumi anayi bwana wa holo anavina chammbali m'kanjira, khosi lili chagada, madzi akutsikira m'mikono ya suti. Atatuluka mmenemo ankadziwa za Mlamu kuposa za abale ake enieni.

Apo mayiwo anati apume. Koma khutu lawo linagwira kaphokoso kachilendo: tho, tho, tho, pathabwa. Anawerenga madontho awo onse, anali okwana. Ili linali la khumi ndi chisanu ndi chitatu, lobadwa tsiku lomwelo, ndipo linasankha kubadwira pasiteji, pamphumi penipeni pa a Chimawu, amene ankalirabe za chilala madzi akutsika pamphuno. Anthu anayamba kuseka m'manja. Choopsa chinali chakuti madzi ankayenda pathabwa kulunjika kumene mtsikana wosewera ngati mwana wa mlimiyo amalowera chothamanga. Mabeseni anali atatha.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Mayi Mabeseni anali asanapondepo pasiteji nsalu yotchinga ili yotsegula. Anavula chipewa pamutu pa amuna awo, anaponyamo thawulo lomaliza, n'kukwera masitepe atatu aja.

Magetsi anawathobwa m'maso. A Chimawu anawayang'ana, anayang'ana anthu, ndipo poti ndi katswiri, anatambasula manja.

“Mkazi wanga! Wabwerera! Kumene unapita kukafuna madzi wapezako chiyani?”

“Sunthani apa, mukunyowa,” anatero mayiwo. “Munthu wamkulumkulu, kulira chilala madzi ali pamphuno.”

Holo inaphulika. Akuti kuseka kwake kunakweza denga chala chimodzi n'kulibwezera, ndipo tsitsi la amayi apampando linagwedezeka mpaka anthu a mzere wachinayi anamva kamphepo. Mayiwo sanamve zonsezo. Anaika chipewa pansi pa dontho, anapukuta thabwa ndi nsonga ya thawulo, anayang'ana kudenga kuti aloweze malowo, n'kutsika. Mtsikana uja analowa chothamanga, osaterereka.

Sewero litatha, mvula inali itakata, dzuwa likuwala ngati silinapalamule kanthu. Amayi apampando poimirira anawona beseni lodzaza mpaka m'milomo, lili pampando womwe nambala yake inali pa tikiti yawo. Anayang'ana beseni, anayang'ana denga, anagwira tsitsi lawo ndi manja awiri. Kenako anapita kwa Bwana Manambala, amene ankafinya tayi pakona.

“Achimwene, mayi uja wachipewa, mumamusunga bwino? Chifukwa mukapanda kumufuna, m'basi mwathu muli malo.”

Lolemba m'mawa bwanayo sanawaitanire Mayi Mabeseni ku ofesi, anachita kuwapeza okha akuyanika tinsanza kuseri kwa holo. Bwanayo anali ndi chimfine chadzaoneni.

“Amayi, za mwezi ukatha zija, tiziiwale. Kiyi nayu. Koma denga ndikonzetsa, musandiletse.”

“Konzetsani, mwananga. Mwamwa mankhwala?”

Amisiri anabweradi, anakhoma malata atsopano, ndipo madontho onse anafa, kupatula limodzi. Mlamu anamusaka masiku atatu osamupeza. Mpaka lero amabwerabe, mphepo ikamulola, ndipo bwana amatuluka yekha mu ofesi kukamulandira.

Manambala anatsala pamipando, koma anthu akalowa amayang'ana tikiti, kenako amayang'ana Mayi Mabeseni, n'kukakhala pamene chala chawo chaloza. Loweruka lina bwanayo anawakhazika pakati pa mzere wachitatu, pambali pa amuna awo, kuti awonere sewero lonse kamodzi m'moyo wawo. Anakhala bwinobwino, manja pamiyendo, beseni lili pansi pa mpando. Potuluka a Lumo anawafunsa kuti sewero analiwona bwanji.

“Labwino,” anayankha. “Koma msomali wachiwiri kuchokera kukhoma anaukhoma mopendekera.”

“Nanga chipewa changa chija, poti chinakula ndi madzi mpaka chikundiphimba maso, mudzandigulira liti china?”

“Chinauma kalekale, abambo. Kungoti mutu wanu ndi umene unafota.”