Buluu pamwamba

Lero chakwana chaka chitisiyireni, Mama, mayi a madam anga kuno ku Al Waab, ku Qatar. Sindinalire. Ndangodzuka, ndakolopa, ndapukuta chithunzi munajambula chija.

Mukukumbuka sabata yanga yoyamba? Nditachipukuta ndinachipachika chadodolido. Ine wa ku Ntcheu, sinowo ndikanamudziwira kuti? Ndinkayesa zoyerazo ndi mitambo, zabuluuzo ndi madzi. Munaseka mpaka kutsokomola. Munati, "Mwanawe, buluuyo ndi thambo, zakudazo ndi nkhalango, zoyerazo ndi sinowo. Imeneyi ndi mbendera ya kwathu ku Estonia. Mu ulamuliro wa Soviet inali yoletsedwa, ndiye ndinkaibisa m'zojambula, anthu n'kumapachika m'nyumba zawo. Apolisi akabwera, ndinkachitembenuza momwe wachitira iwemu." Munatinso mlongo wanu apolisiwo anamutenga, sanabwerenso. Munanena maso ali gwa, ine n'kumadabwa kuti munthu osalira bwanji. Panopa ndakumvetsani.

Madam akuti, "Khalas, basi, mawa chithunzichi chilowe m'katoni." Ndangoti yes madam. Atatuluka ndachipachika chadodolido dala, ndaima pomwepo kudikira. Palibe waseka.