Phazi Langa Linachira pa Kanema Pokha

Chinayamba ndi ludzu. Mwezi wa Okutobala ndinkamwa madzi pa mpopi wothirira maluwa mpaka mimba kudzaza, koma kukhosi kuli gwa. Ndinati ndi kutentha chabe. Ndimasamala maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 43, ndipo ndimapitako wapansi m'mawa uliwonse. Kenako nsapato inandipweteka chala chachikulu cha phazi lamanja. Kabala kake kanali kochepa, koma mwezi unatha kasanapole, ndipo kanayamba kununkha.

Amayi a panyumbapo, abwana anga, atandiona ndikutsimphina anandimvera chisoni. Mpingo wawo uli ndi pulogalamu pa wailesi yakanema yothandiza osauka, ndiye anati andilembetsa. Wantchito angakane bwanji zomwe anena abwana? Ndinangoti zikomo.

Anthu a pulogalamuwo anafika kwathu ndi makamera. Anandivulitsa malaya omwe mkazi wanga anasita, ati ndivale akuntchito ong'ambika. Mipando anaitulutsa m'nyumba kuti ndikhale pamphasa. Anamasula nsalu ya pabala n'kuyandikiza kamera, ana anga akuona. Potsanzika anasiya thumba la ufa, ndipo wojambulayo anati, "Bambo, kuchipatala musapite kaye. Tidzajambula gawo lachiwiri, anthu aone kuti wakuchizani ndi Mulungu osati jekeseni." Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa mtima umandiwira.

Ndinadikira. Pofika Disembala phazi linatupa, chala chinada bii. Anthu a pulogalamu aja ananditengera kumsonkhano wawo ku City Centre, anandiveka sokosi ndi nsapato yatsopano pamwamba pa balalo, n'kundilanda ndodo yomwe ndinkayendera. Nyimbo zili mkati, anandiuza kuti ndiyende. Ndinayenda nditaluma mano, misozi ili chuchuchu. Anthu anaimba nthungululu poyesa kuti ndikulira ndi chimwemwe.

Sabata yomweyo thupi linatentha, ndinayamba kubwebweta. Mkazi wanga sanafunsenso munthu, ananditengera kuchipatala chachikulu. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Namwino anandibaya chala kuyeza magazi, ndipo anati, "Muli ndi shuga, wakwera kwambiri. Munali kuti nthawi yonseyi?" Adokotala atayang'ana anati chala chachikulu ndi chinzake zinafa kale, ndipo tikachedwanso mwendo wonse uchoka. Anazidula tsiku lotsatira.

Ndinagonekedwa mpaka Januwale. M'mawa jekeseni ya shuga, kenako kutsuka bala, kenako kudikira adokotala. Mkazi wanga ankagona pansi kumalo a osamalira odwala. Tsiku lina mlongo wa wodwala mnzanga anandionetsa foni n'kufunsa, "Achimwene, si inu awa?" Ndinali ine pa kanema, ndikuyenda mu nsapato yatsopano ngati wochira, pansi pake atalemba nambala yotumizira chopereka. Ndinakwiya kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe wa anthu a pulogalamu aja anabwera kudzandizonda.

Mulungu sindinamutaye, ndipo ndimapempherabe. Chomwe ndikukana ndi kusandutsa bala la mmphawi kukhala malonda. Pano bala linapola, mankhwala ndimalandira mwezi ndi mwezi, tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo ntchito ndinayambiranso ngakhale ndimatsimphina. Mukamva ludzu losatha, kapena bala likakana kupola, pitani kuchipatala msanga. Pemphero likupezeni muli pamzere.

Pulogalamu ija amaionetsabe. Posachedwapa pokwerera minibasi ku Old Town bambo wina anandizindikira. Anandigwira dzanja mosangalala, ati mayi ake ali ndi bala ngati langa, ndipo wawaletsa kupita kuchipatala kuti awalembetse kumene ndinachirira ine. Ndinakhala pansi pomwepo, anthu akudutsa, ndinavula nsapato ndi sokosi.

"Werengani zalazi," ndinamuuza, "kenako mukawatenge amayi anu lero lomwe."