Zitini Zitatu za Mpendadzuwa

Fungo la mpendadzuwa wokazinga limandibwezera pakhonde lathu ku Milonde, nyengo ya chiperoni, phiri litabisala m'nkhungu, zofunda zonse zikununkha chinyezi. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Chimanga chinapserera m'munda, koma mpendadzuwa tinakolola thumba lodzaza mpaka kukamwa.

Mlongo wanga Fanuelo anali atangosiya kuyamwa, ndipo kusikelo anati mwana akutsika. Alangizi anauza amayi kuti azimuthirira nsinjiro m'phala, kilo imodzi izitha pa sabata. Mtedza tinalibe, koma amayi sanade nkhawa: anati tizisinja mpendadzuwa m'malo mwake. Chaka cham'mbuyo bambo anali atayezetsa mpendadzuwa wathu kwa mavenda ku Nkando, ndipo kilo inadzaza zitini zitatu za majarini. Basi, pakhomo pathu linasanduka lamulo: kilo ndi zitini zitatu.

Wotapa ndinali ine. Amayi ankakazinga m'phale, njere zikuthetheka, kenako n'kusinja ndi kusefa. Koma mtondo unkalira mwachilendo, phwa phwa, ngati tikusinja madeya. Musi sunkanona mafuta ngati kale. Mankhusu ankadzaza lichero, pomwe nsinjiro zake zinkangokwana m'chikhatho. Amayi ankaziyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso chitini.

"Watapa zitatu ndithu, Esinati?"

"Zitatu amayi, zosefukira."

Fanuelo anayamba kutupa masaya ndi mapazi. Ine, mutu wanga wopanda nzeruwu, ndinkamuseka kuti wanenepa ngati kapitawo wa ku esiteti ya tiyi. Ndikamudina phazi, chala chinkasiya kadzenje kosabwerera. Iye sankalira n'komwe, ankangondiyang'ana.

Tsiku lina dzuwa litawala pang'ono, ndinanyamula thumba lija ndekha kuti ndikayanike panja. Kunyada kwake!

"Taonani amayi, ndakula! Thumba ngati ili bambo ankabuula nalo chaka chatha!"

Amayi sanaseke. Analinyamula ndi dzanja limodzi, n'kulitsitsa pang'onopang'ono. Anatapa njere, n'kuswa imodzi ndi mano, ina, inanso. Zambiri zinali makoko okhaokha, mkati mopanda kanthu. Nkhope yawo inandiopsa kuposa bingu la m'phiri. Sanandikalipire. Anangomubereka Fanuelo, n'kuuyatsa ulendo wokakwera minibasi yopita kuchipatala cha ku Boma.

Tinatsala ndi bambo, nkhungu ikulowa mpaka m'nyumba, chitini chili chovundikira pafupi ndi mtondo. Palibe anachikhudza. Amayi atabwerako, chitenje choberekera chinali chopinda m'manja. Fanuelo anamwalira kuchipatala komweko.

Nthawi imeneyo ndinkati ndapeza mphamvu, mlongo wanga wanenepa, ndipo thumba lathu ndi lodzaza. Zonse ndinkaziona ndi maso angawa, ndipo ndinkasangalala nazo. Lero ndili ndi anga ana. Pamsika amandinena kuti ndine mayi wovuta, chifukwa ngakhale mbale aidzaze chotani, ndimayamba ndaiika m'manja, n'kuswa njere imodzi ndi mano.